Silinda ya gasi imene ili m'chipinda chanu chogona

Makolo amene mwaperekeza ana takulandirani, koma mutikhululukire, lero nkhani yathu ndi ya achinyamatawa. Tiyankhula pang'onopang'ono. Amene mawu ena a Chichewa akudutsani, kodolani mnzanu wapafupi akunong'onezeni, palibe chamanyazi.

Tiyambe ndi funso. Ndani mwa inu angatenge silinda ya gasi, ija timaotchera nyama panja nthawi yotentha, n'kuikhazika pa radiator kuti itenthedwe? Mukuseka. Palibe angachite zimenezo, ndipo amayi atakupezani mukuyesa, tsiku limenelo simungaliiwale. Tonse silinda timaipatsa ulemu. Timaiika panja, timainunkhiza ngati ikutuluka mpweya, mwana akaiyandikira timamukalipira.

Tisanabwere kuno tinazungulira m'nyumba mwathu kuwerenga zitini za spray. Tinapeza 14. Za m'khwapa, za tsitsi, yonunkhiritsa m'chimbudzi, ya mafuta ophikira, ya nsapato, ya penti yotsala pamene tinkakonza njinga, ndi ina ya mankhwala a ntchentche imene palibe akukumbukira anagula. Ziwiri zinali pawindo la m'chipinda cha anyamata, pansi pake pali radiator. Imodzi inali pambali penipeni pa chitofu. Ife amene tabwera kudzakuchenjezanife. Nchifukwa chake sitikuyankhula ngati anthu osalakwa. Tikungofuna kuti pochoka pano muziona kachitini kameneka monga momwe mumaonera silinda ija, chifukwa zimene zili m'kati mwake ndi zomwezo.

Zitini zambiri za spray zimene mumagula ku Boots, ku Walmart kapena ku Shoprite zili ndi butane, isobutane kapena propane, kawirikawiri zosakaniza. Ameneyu ndi gasi yemwe uja wa mu laita ndi wa mu silinda yophikira. Tembenuzani chitini chilichonse muwerenge kumbuyo, kawirikawiri mupeza mainawa pamwamba penipeni pa mndandanda wa zimene zili m'katimo. Fungo labwino lija ndi gawo laling'ono chabe. Mu spray zambiri za m'khwapa, chochuluka ndi gasi.

Sizinali choncho kuyambira kale. Munthu wa ku Norway dzina lake Erik Rotheim ndiye analembetsa luso la chitini chopoperachi m'chaka cha 1927. Koma chinatchuka pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene akatswiri awiri a boma la America, Lyle Goodhue ndi William Sullivan, anapanga mu 1941 kachitini kophera udzudzu kuti asilikali awo asamafe ndi malungo ku zilumba za Pacific. Mdani wake ndi yemwe uja agogo anu amalimbana naye mpaka lero. Zitini za nthawi imeneyo ndi za zaka zotsatira zinkakankhidwa ndi gasi wotchedwa CFC, amene sayaka moto. Kenako kunapezeka kuti gasi ameneyu akuwononga ozone, chophimba cha kumwamba chimene chimatiteteza ku ukali wa dzuwa. Mu 1987 mayiko anasainirana pangano ku Montreal loti amusiye. Chinali chinthu chabwino. Koma m'malo mwake makampani ambiri anaikamo butane ndi propane, ndipo awa ndi nkhuni zenizeni.

Tsopano tcherani khutu apa, chifukwa mukamvetsa gawo ili zina zonse muzidziwa nokha popanda wokuuzani. Madzi amawira akafika madigiri 100. Butane amawira pa madigiri pafupifupi 0, kuzizira kumene madzi amaundana. Propane amawira pa madigiri 42 pansi pa 0. Ndiye kuti m'chipinda chino, mmene tikukhaliramu, gasi ameneyu sangakhale ngati madzi pokhapokha atamupanikiza. Chitini chija ndi ndende yake. Mukachigwedeza n'kumva khutchukhutchu, mukumva gasi wopanikizidwa mpaka kusanduka wamadzi, amene nthawi zonse akufuna kuwira ndi kutuluka. Ngakhale chitini chili phee pa tebulo, iye akukankha khoma lake ndi mphamvu yofanana kapena yoposa ya mpweya wa m'tayala la galimoto.

Kutentha kukakwera, kukankhako kumakweranso, ndipo sikukwera mwaulemu. Kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 50, mphamvuyo imawirikiza kawiri. Nchifukwa chake chitini chilichonse chogulitsidwa kuno ku Britain ndi ku Europe chimalembedwa kuti chisafike pa malo otentha kuposa madigiri 50. Inu a ku America mumaona 120 pa muyezo wa Fahrenheit, ndi chimodzimodzi. Nambala imeneyi sanangoilota. Ku fakitale, njira yodziwika yoyesera zitini zodzaza ndiyo kuzimiza m'madzi ofunda kufikira zitatentha cha pa madigiri 50, kuti zofooka zionekere konko. Mpaka pamenepo opanga akukutsimikizirani. Kupitirira pamenepo muli panokha.

Chitini chikang'ambika chifukwa cha kutentha, gasi yense wamadzi uja amawira nthawi imodzi. Supuni imodzi ya butane wamadzi imasanduka mpweya wodzaza masupuni oposa 200. Chitsulo chimang'ambika n'kukhala ngati mpeni wouluka, kapena tako la chitini limachoka, chitinicho n'kuthamanga ngati chipolopolo. Ndipo popeza chimene chatenthetsa chitinicho chikadali pomwepo, kaya ndi chitofu kaya ndi hita, mtambo wa gasiwo umayaka nthawi yomweyo. Zonsezi zimachitika musanaphethire. Palibe zoti ndiona chikayamba kufufuma ndithawa.

Funso ndi lakuti madigiri 50 amapezeka kuti m'nyumba zathu. Yankho lake ndi losasangalatsa. Radiator ikayaka bwino m'nyengo ino, madzi oyenda m'kati mwake amakhala pa madigiri 60 kapena 70. Madzi otentha a pa mpopi m'nyumba zambiri za kuno amasungidwa pa madigiri 60. Madzi a mu ketulo ndi 100. Chowongolera tsitsi chimafika 230. Galimoto yotsekedwa mawindo pa dzuwa la ku Texas kapena la ku Johannesburg mu Disembala imapitirira 50 mosavuta, ndipo pa dashibodi pamatentha kuposa apo. Ngakhale windo la m'chipinda loyang'ana kudzuwa, masiku atatu aja amene Britain amakumbukira kuti kuli chilimwe, limatha kutenthetsa chitini mpaka osachigwira.

Zambiri mwa izi zimachitika mosadziwa. Koma pali ena amene amatenthetsa chitini dala, ndipo ndi anthu anzeru zawo, ali ndi chifukwa. Mnyamata akufuna kupenta njinga kapena mawilo a galimoto mu Januwale. Chitini chagona mu garaja yozizira, ndipo penti akutuluka mongolavula, madonthomadontho. Tanena kale chifukwa chake: kukazizira butane sawira bwino, ndiye mphamvu yokankha imachepa. Wina anamuuza kuti chitini chikafunda chimapopera bwino, ndipo zimenezo n'zoona. Vuto limayamba pamene iye akuti madzi ofunda akuchedwetsa, ndiike mu ketulo. Kapena pa radiator ndikamadya. Kapena ndiloze hair dryer. Foni yalira, waiwala. Njira yabwino ndi yotopetsa koma ndi yomweyo: lowetsani chitinicho m'nyumba dzulo lake, chigone pa malo ofunda wamba kutali ndi hita, mawa chidzapopera bwinobwino. Ngati mwafulumira kwambiri, madzi ake akhale oti dzanja lanu lingakhalemo osalichotsa, ngati osambitsira khanda. Madzi akakuotchani inu, chitininso achiotcha.

Chimodzimodzi pamene spray ya m'khwapa yatsala pang'ono ndipo malipiro ndi Lachisanu. Ena amaitenthetsa kuti atulutse zotsalira. Tikumvetsa, ndalama ikuvuta kwa tonse. Koma mukuika nkhope yanu pachiswe chifukwa cha kupopera kuwiri. Ndipo ngati kamutu katsekeka, kazuleni, mukatsuke pakokha m'madzi ofunda, mukabwezere. Musalowetse singano kapena msomali pa kabowo ka chitini chenichenicho.

Atsikana, tsopano tabwera kwa inu, ndipo azakhali ali kumbuyoko amvenso chifukwa saluni zambiri za anthu athu zili m'zipinda zogona ndi m'makhitchini. Taonani zimene zimakhala pa tebulo pomata wigi. Pali spray yomatira ija ya got2b kapena inzake, pali spray yowalitsa tsitsi, pali hair dryer, pali chowongolera tsitsi chimene chakhala chikuyaka kwa theka la ola, ndipo mwina chipeso chachitsulo chili pa chitofu. Zonse pa malo osakwana mkono umodzi, windo lotseka chifukwa kukuzizira. Ena amawonjezapo kandulo wonunkhira kuti kasitomala amve bwino. Ife tikaona zimenezi mtima umapita m'mwamba. Sitikunena kuti musiye kudzikongoletsa, ayi ndithu, mukuoneka bwino. Tikunena kuti mukapopera, ikani chitinicho kutali, kumbuyo kwanu kapena pansi pa shelefu ina, dikirani pang'ono mpweya ubalalike, kenako muyatse chowumitsira pa mphepo yozizira kapena yofunda pang'ono. Chowongolera chotentha chisagone chotsamira chitini. Kandulo ndi fodya zisalowe m'chipinda chimenecho. Tsitsi lomwe langopoperedwa kumene limayaka msanga, ndipo wigi yaulusi wopanga ikayaka imasungunuka n'kumatirira pakhungu.

Gasi ameneyu ali ndi khalidwe lina loipa. Ndi wolemera kuposa mpweya umene timapuma, pafupifupi kawiri, ndiye sakwera kudenga ngati utsi. Amatsika, n'kukhala pansi, m'bafa, mu sinki, pansi pa mipando ya galimoto. Ndipo safunika kuchuluka: akangofika magawo awiri pa 100 alionse a mpweya wa m'chipinda, kamoto kakang'ono kamakwana. Mu Disembala 2019 ku Halifax, ku West Yorkshire, dalaivala wina anapopera kwambiri spray yonunkhiritsa m'galimoto mwake, mawindo ali otseka, kenako anayatsa ndudu. Galimotoyo inaphulika pakati pa msewu. Magalasi ake anathothoka, zitseko zinapindika, mawindo a nyumba zamalonda zapafupi anasweka. Mwini wake anapulumuka ndi mabala ochepa, mwamwayi chabe. Apa chitini sichinatenthedwe n'komwe. Unali mpweya wongopopera. Ndiye ganizirani chitini chonse chikatulutsa zake nthawi imodzi m'kabafa kakang'ono.

M'khitchini muli spray ya mafuta ophikira, imene inu achinyamata a ku jimu mumaikonda chifukwa akuti sinenepetsa. Malo ake achibadwa amaoneka ngati pambali pa chitofu, pamene dzanja lifika msanga. Mu 2017 ku Pennsylvania mayi wina amene ankagwira ntchito m'khitchini anapsa kwambiri kumaso, m'manja ndi m'mikono pamene chitini cha mafuta otere, chimene chinali pa shelefu pamwamba pa chitofu, chinatulutsa zam'kati mwake n'kuyaka. Mu 2023 khoti la ku Cook County ku Illinois linalamula kampani ya Conagra Brands kuti imulipire madola 7.1 miliyoni. Kampaniyo sinagwirizane nacho chigamulocho, inati katundu wake ndi wabwino akamagwiritsidwa ntchito motsatira malangizo. Za ndani analakwa tisiyire makhoti. Ife chimene tikutolapo n'chakuti shelefu ya pamwamba pa chitofu si malo a chitini chilichonse cha spray, ndipo ndalama zimenezo sizinabweze khungu la mayiyo. Thirani mafutawo m'chiwaya chisanafike pa moto, chitini mubweze mu kabati ya kutali ndi uvuni.

Anyamata, nkhani ya laita ndi spray tikuidziwa. Musayang'ane pansi, ena mwa amalume anu ali muno anachitapo. Kangaude ali pakhoma, kapena mukufuna kanema woti anzanu aseke. Anthu amakonda kuopseza kuti moto ubwerera m'chitini. Tinene zoona: m'kati mwa chitini mulibe mpweya wokwanira kuti moto uyake, choncho kawirikawiri si mmene ngozi imabwerera. Imabwera chonchi. Moto umasungunula kamutu kapulasitiki, kabowo kamakana kutsekeka, chitini chimapitiriza kulavula moto chili m'manja mwanu, inu mumachiponya ndi mantha, n'kugwera pa bedi kapena pa katani. Tsopano chitini chili pakati pa moto umene mwayatsa nokha, ndipo chikutentha. Zotsatira zake tafotokoza kale.

Abale athu a ku South Africa ndi ku Zimbabwe amene mudzawerenge mawuwa, kwa inu nyengo yoopsa ndi Juni ndi Julayi. Chipinda chimodzi ndicho chogona, chophikira ndi chochezera. Hita ya mawaya ofiira kapena ya parafini ili pansi, mbaula ili pakhomo, magetsi akazima kandulo ali pa tebulo, ndipo chitini cha Doom chili pomwepo chifukwa mphemvu sizidziwa nyengo. M'chipinda chotero mulibe malo ambiri osankha, tikudziwa. Koma pezani ngodya imodzi yotalikirana ndi moto, bokosi kapena chidebe, ndipo zitini zonse zizikhala mmenemo. Mukafuna kupopera mankhwala, zimitsani kaye moto wonse, poperani, tulukani, mutsegule chitseko kwa kanthawi musanayatsenso. Ndipo ku braai, monganso kuno pa moto wa pa 5 Novembala, pasapezeke wanthabwala woponya chitini pa makala.

Izi zikutifikitsa ku mawu akuti chatha. Chitini chimene chasiya kupopera sichinathe. Muli gasi wotsalira, ndipo ndi wokwanira kuching'amba chikalowa pa moto. Kuno makhonsolo ambiri amalandira zitini zotha pamodzi ndi zitsulo zina zokakonzanso, bola musaziboole kapena kuziphwanya. Zimene zikadali ndi kanthu, makamaka penti ndi mankhwala, zimapita ku malo a khonsolo otayirako zinyalala zoopsa.

Koma ganizirani za ulendo wa kumudzi. Chaka chilichonse masutikesi athu amapita ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Tete atadzaza ma spray a mphatso, chifukwa asuweni anu amawakonda. Akatha amapita kuti? Kudzala, kuseri kwa nyumba. Ndipo zinyalala za kudzala zimatenthedwa, kawirikawiri madzulo, ndipo amene amatumidwa kukasonkha motowo ndi kuuyang'anira ndi ana. Amaima pafupi, atanyamula kamtengo, akutakasa. Ife amene tinakulira kumeneko timakumbukira phokoso lija la phuu kuchokera kudzala, ana n'kumaseka pothawa. Tinkayesa masewera. Mukapereka mphatsoyo, perekaninso mawu awiri: chikatha musachiponye pa moto, chiikeni padera. Kwa agogo mukanene mwaulemu, mutakhala pansi, osati ngati mwabwera ndi nzeru za ku Ulaya. Mungoti, agogo, chitinichi chili ndi gasi ngati wa mu silinda, chikapsa chingavulaze adzukulu. Amva.

Kunyumba kunonso ntchito imeneyi ndi yanu. Ambiri mwa inu mwakhala mukuwerengera makolo makalata a khonsolo ndi a kusukulu kuyambira muli aang'ono. Timalemba ta kumbuyo kwa chitini n'tating'ono kwambiri, ndipo amayi akachoka ku shifiti ya usiku alibe maso owerengera zimenezo. Mukaona chitini pa radiator m'chipinda chawo, chichotseni, muwauze chifukwa chake. Inu amene mukukhala nyumba zogawana ndi anthu ena, khitchini ndi ya aliyense ndipo moto sufunsa kuti chitini chinali cha ndani.

Tsopano zikachitika. Mukapeza chitini chatentha kwambiri kapena tako lake lafufuma, musachinyamule kuti mukachiponye panja kapena mu sinki. Zimitsani chimene chikuchitenthetsa ngati mungathe kutero osaweramira pa chitinicho, tulutsani anthu m'chipindamo, chisiyeni chizizire chokha. Ngati gasi watuluka koma sanayake, tsegulani mawindo ndi zitseko, musayatse kapena kuzimitsa switchi iliyonse, musayatse laita. Ngati moto wayaka, tulukani, tsekani chitseko kumbuyo kwanu, imbani foni muli panja: 999 kuno ku Britain, 911 ku America, 112 pa foni ya m'manja ku South Africa. Auzeni ozimitsa moto kuti m'chipindamo muli zitini za spray, chifukwa iwonso ali ndi nkhope zoti ateteze.

Munthu akapsa, chilondacho chikhale pansi pa madzi ozizira oyenda a pa mpopi kwa mphindi 20. Mphindi 20 n'zambiri, yang'anani pa wotchi, musayerekeze. Vulani mphete, zibangili ndi wotchi malowo asanatupe, koma nsalu kapena wigi imene yamatirira pakhungu musaikoke. Mukatha, phimbani ndi pulasitiki yopyapyala yokutira chakudya ija, mongoyala osamanga. Apa ndi pamene mudzafunike kulimba mtima, chifukwa wina m'nyumbamo adzathamangira Colgate, wina dzira, wina mafuta kapena ayisi. Amatero chifukwa cha chikondi, ndipo ndi zimene tinaphunzira tonse. Koma zimenezo zimasunga kutentha m'chilonda kapena kuwononga khungu, ndipo a chipatala amavutika kuzichotsa. Nenani kuti ayi amayi, madzi okha. Kupsa kwa kumaso, m'manja, kumaliseche, kupsa kwakukulu, kwa mwana wamng'ono, kapena ngati munthu wapuma moto ndi utsi n'kuyamba kusasa mawu, zonsezo ndi za kuchipatala nthawi yomweyo.

Pali chinthu chimodzi chimene chimatichedwetsa ife anthu obwera, ndipo tichinene poyera. Mwana amabisa chilonda pansi pa juzi poopa kukalipiridwa, mpaka chitayamba mafinya. Wamkulu amazengereza kuimba foni poopa eni nyumba, kapena chifukwa m'nyumbamo muli wachibale amene mapepala ake sanalongosoke. Akuluakulu anati mbewa yamanyazi inafera kuuna. Ku England chithandizo cha ku A&E ndi chaulere kwa munthu aliyense, kaya mapepala ake ali bwanji, ndipo ozimitsa moto akabwera amabwerera moto. Makolo muli kumbuyoko, tikupempheni kuti mulonjeze ana anu lero lomwe kuti akapsa, ngakhale chifukwa cha kupusa kwawo, ayambe abwera kwa inu, za kukalipa zidzabwera chilonda chitapola.

Pa tebulo la pakhomo taikapo zitini zitatu zimene tinachotsa pawindo ndi pa chitofu kwathu. Potuluka chitengeni chimodzi, muchitembenuze, mupeze pamene palembedwa butane ndi pamene palembedwa 50. Amene muli ndi mafunso, makamaka inu a saluni, tikhala pompano mpaka tiyi atatha.